Ndalama ya Boma M'foni ya Mwana Wanga

Ine ndine mayi wa nyimbo. Pobzala ndimaimba, pothyola ndimaimba, ngakhale cholemberachi ndachigwira ndikung'ung'udza, pakuti sukulu ndinaisiya malemba asanandizolowere. Mukaona mawu apindika sekani, nanenso ndikuseka.

Kwathu ndi pamwamba pa phiri la Zomba, kumene nkhungu imalowa m'nyumba osaodira. Ndakalamba ndikugulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, kuthamangira galimoto iliyonse mbale ili m'manja. Zotsala zinkaola, tinkatayira nkhuku.

Mzime wanga, wamkazi, ndiye anakana zoti zipatso ziziola. Ankachita lendi ku Matawale ndi kamwana kake kakakazi, bambo wa mwanayo atachoka osatsanzika. Anzake onse anali atakwera basi ya ku Joni kukasesa m'nyumba za eni, ana kuwasiyira anganga. Iye ankati ayi, sapita, mwana wake amulera ndi manja ake omwe. Ndiye anagula mapoto akuluakulu, mbaula ndi mabotolo, n'kuyamba kuphika jamu.

Msika wake sunali wa mabenchi, unali m'foni. Ankajambula botolo, kuliika pa msika wa pa intaneti, wina ku Blantyre adina, wina ku Lilongwe adina, botolo n'kukwera minibasi lokha ngati munthu wamkulu. Tsiku limene anandionetsa ndinavina, inu, ndinavina mpaka mpango kugwa. Mabulosi anga, omwe ankadyedwa ndi nkhuku, akudyedwa ndi mabwana pa buledi.

Ogula akuluakulu, a malo ogona alendo ndi a m'maofesi, anati sangagule popanda lisiti la msonkho. Choncho anakalembetsa msonkho uja amautcha vati. Anandifotokozera tikutsuka mabotolo. Akuti pa botolo lililonse wogula amaonjezera kangachepe pamwamba pa mtengo, kangachepeko kamalowa m'foni limodzi ndi ndalama yake, koma si kake. Iye amangosungira boma, mwezi ukatha akapereke. Ndinamuuza kuti ndiye wasanduka msungichuma wa boma wopanda malipiro, ndipo tinaseka mpaka mwana kudzuka.

Koma msika wa m'foni ulibe mpanda. Aliyense amaona zimene wagulitsa ndi mmene ogula akukutamira. Abale a mwamuna wanga ku Phalombe ankaona zonsezo, nkhani n'kumayenda kuti mwana wa achimwene walemera ku Zomba.

Bambo a m'nyumba anatisiya mwezi wa zipatso zambiri, jamu akuyenda kuposa kale lonse. Chinali chifuwa. Ndalama yakeyake ya mwana wanga inathera pa mankhwala ndi zoyendera za kuchipatala. Malemuwo anali mkamwini kwathu, ndiye thupi linayenera kubwerera kwawo. Mng'ono wawo, mlamu wanga, anafika ndi akuluakulu ena n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Pankafunika bokosi labwino, lole yokwera phiri, ufa ndi ndiwo za anthu. Anamuitana mwana wanga, iye n'kugwada chapatali.

Ine ndinali m'nyumba pamphasa, kumutu kwa malemu. Wamasiye salankhula pabwalo, koma makutu samanga nsalu yakuda, ndinamva zonse.

"Bambo aang'ono, yotsala m'fonimu si yanga. Ndi ya boma, ndangosunga."

"Boma lamwalira liti, mwana iwe? Amene agona m'nyumbamu ndi boma kapena ndi bambo ako?"

Mlamu wangayo sanakalipe ayi, analankhula mofatsa ngati mkulu. Anati kuyambira makolo, ukamasunga mbuzi ya mnzako maliro n'kukugwera, umaipha anthu adye, kenako umakagwada kwa mwini wake n'kudzabweza ukakolola. Mwini mbuzi amamvetsa, pakuti nayenso adzaferedwa. Akuluakulu onse anavomera. Amayi a pamoto anasiya kutakasa, maso onse pa mwana wanga. Iye anatulutsa foni m'chitenje, nadina, ya boma ija n'kupita ku maliro.

Maliro anayenda bwino, sindinama. Lole inatsika phiri nyimbo zikugunda m'miyala, kuwoloka mtsinje wa Likangala tikuimbabe, mpaka ku Phalombe mawu atasasa. Mwamuna wanga anagona ngati mfumu.

Mwezi utatha mwana wanga anapita ku ofesi ya msonkho kukagwada kwa mwini mbuzi. Anapeza mayi wachifundo amene anamupepesa ndi mtima wonse, mpaka kumupatsa mpando. Koma anamuuza kuti malisiti onse analowa kale m'makina, makinawo sadziwa maliro, ndipo ndalama yochedwa imabereka chilango mwezi ndi mwezi. Mbuzi imeneyi, inu, imaswa ili yophedwa kale.

Akanaphika jamu wambiri mwina akanaithamangira. Koma tinali pa chisoni mpaka kumeta, ndipo pomwe tinkabwerera kwathu mvula inali itayamba, sitiroberi atatha m'dimba. Ya shuga panalibe. Ogula akuluakulu anafunsa umboni wakuti msonkho wake uli bwino, iye analibe, anapita kwa ena. A msika wa m'foni nawo anamutsekera malo ake mpaka atakonza zinthu.

Anapita ku Phalombe kukawakumbutsa bambo ake aang'ono za kubweza kuja. Anamulandira bwino, anamuuza adikire nandolo akhwime, kuti boma ndi lalikulu silingafe ndi njala chifukwa cha mwana mmodzi wamasiye. Anabwerako ndi nkhuku m'manja.

Mapoto anagulitsa kwa mayi wina wophika mandasi. Mbaula anandisiyira. Tsiku lina m'mawa ndinamuona akukwera njira ya kwathu, chikwama pamutu, mwana kumsana ngakhale anali woyenda kale. Sindinafunse. Anamutsitsa pakhonde, namuvula nsapato, namuvekanso, ngati pali chimene chalakwika. Anati ku Joni akakhala pang'ono chabe, akangomaliza ya boma abwera, adzatsegulanso msika wake. Ndinayamba nyimbo yomuperekeza, koma inakana kutuluka, ine amene nyimbo sinandikanepo.

Mvula yagwa, yatha, yagwanso. Akuti ngongole ikuchepa, koma lendi ya kumeneko imadya ngati dzombe. Mdzukulu wanga wakula, wanenepa ndi mabulosi, amavina ngati ine, ndipo amanditcha amayi. Ndimamukonza, amaiwala.

Lamulungu lapitali mayi ake anaimba foni ya zithunzi. Mwana anathawira kumbuyo kwanga, kugwira chitenje changa zolimba. Ndinamukoka, ndikumuuza kuti awa ndiwo amayi ako, apatse moni.

"Musiyeni amayi, musamukakamize," anatero mwana wanga. Kenako anandipempha kuti nditembenuze foni aone msinkhu wa mwanayo, ngakhale chakumbuyo.