A Chidendene ndi Zitseko za M'tauni

A Chidendene anasoka nsapato zaka makumi anayi pakhonde la golosale kumudzi. Dzinalo anawapatsa anthu, chifukwa munthu akamabwera iwo ankayamba kumuyang'ana kuphazi, nkhope pambuyo. Akazi awo atamwalira, mwana wawo wamwamuna, wogwira ntchito muofesi, anawatengera kutauni n'kuwapezera kachipinda kapansi m'nyumba yosanja momwe iye ankakhala. Anawauza kuti azingopuma basi. Kupuma kwake kuti, munthu woti zala zimamuyabwa akangoona chikopa?

Anthu a m'nyumbamo ankavula nsapato pakhomo. Tsiku lina m'mawa mkuluyu anaona nsapato yoyera itayasama kutsogolo. Anaodira kawiri, kuli zii. Basi anaitenga kuti akaisoke. Kumudzi ankatero, ndipo palibe ankadabwa.

Mwini wake anali namwino, ndipo potuluka kuti azipita kuntchito anapeza nsapato imodzi. Wina anamuuza kuti anaona mkuluyu akutsika nayo inzakeyo. Pofika masana nkhani inali itakwera mpaka pamwamba, yoti madala apansi aja amaba. Wakuba wanji woba nsapato imodzi? Koma m'tauni anthu safunsa. Mwana uja manyazi anamugwira. Anawauza bambo akewo kuti Loweruka adzatenga thumba lawo la zipangizo akalitsekere kutali, nkhani ithere pomwepo. Zinawapweteka kwambiri a Chidendene. Nyundo ndi singano za m'thumbamo ndi zomwe zinamulera mwanayo mpaka kuvala tayi.

Kutacha mkuluyu anavala jekete, kutenga nsapato ija ataisoka kale, n'kuyamba kukwera masitepe, bondo lawo lodwala likukana. Zitseko zinalipo makumi awiri ndi zinayi, ndipo anagogoda chilichonse, chipewa chili m'manja.

"Ndine amene ndinatenga nsapato ija. Ndinalakwa kutenga osapempha. Koma sindine wakuba ayi, ndine mmisiri."

Ena anangosuzumira, tcheni cha chitseko osamasula. Wina asanamve n'komwe anati sagula kanthu. Namwino analandira nsapato yake, kuipinda, kuikoka, kenako n'kuthokoza chapansipansi. Mkuluyu anatsika atagwira khoma, osadziwa ngati wakonza kapena wawonjezera moto.

Loweruka mwana uja anabweradi. Anapeza bambo ake ali pakampando pakhomo, magalasi ali pamphuno. M'mbali mwa khoma munali mutandanda nsapato za anthu asanu ndi awiri, ndi chikwama chasukulu choduka lamba, chilichonse chitalembedwa nambala ya chitseko ndi choko.

"Thumba ndi ilo, tenga," anatero a Chidendene. "Koma eni ake a zinthuzi ukawauze wekha. Uyambire pamwamba."

Mwanayo anaima kanthawi ndithu, akuseweretsa makiyi a galimoto. Anayang'ana nsapato zija, anayang'ana zala za bambo ake zakuda ndi phula. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati pali chomwe chikusowa.

"Ulusi wakuda," anayankha osadzutsa mutu. "Wolimba, osati wosokera madiresi."