Matiresi Anga pa Tirela ya Malume

Fungo la labala wopsa limandibwezabe kukomboni kumene ndinabadwira, pa famu ya fodya kum'mwera kwa Karoi. Dzinja linali litangoyamba, dothi lofiira likununkhira chinyezi, ngumbi zikutuluka madzulo. Abambo anakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu, akutenthetsa chitsulo pamakala n'kumaboola nacho lamba wakuda wokhuthala. Utsi wake unali wowawa, wolowa mpaka kukhosi, moti nkhuku zinathawira kumitengo ya bulugama. Ine ndinali ndi zaka khumi. Ndinaima pakhomo n'kumawaonerera, mumtima ndikufunitsitsa kuti ntchito yawoyo ikanike.

Tinkasamuka. Famu inali itasintha mwini, ndipo watsopanoyo anati fodya sakumufuna, adzalima chimanga ndi kuweta ng'ombe basi. Moto wa m'mabani, nyumba zazitali zoumitsiramo fodya zija, unazima. Abambo, omwe anali foromani wa kumabaniko ine ndisanabadwe, anauzidwa kuti nyumba tinkakhalayo ikufunika. Ku Dedza, kumene makolo awo anachokera, tinkangokumva m'nkhani. Kwathu kunali kombonimo. Atayendayenda anapeza malo pa famu ina kuseri kwa Karoi. Malume Jemusi, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito kumgodi ku Mutorashanga, anabwera ndi pikapu yawo yakale ikukoka tirela yobwereka. Lamba uja anabwera naye ndi iwowo, chidutswa chotha ntchito cha lamba wonyamulira miyala kumgodiko.

Vuto langa linali lakuti ndinkakodza pogona. Mlongo wanga Yohane, wamng'ono kwa ine, anali atasiya kalekale, koma ine ayi. Amayi anayesa zonse. Anandiletsa tiyi wamadzulo, anandimwetsa mizu yowawa, anakanditengera madzi opempherera kwa amayi ena a kutchalitchi, koma m'mawa ndinkadzukabe ndili chonyowa. Iwo sankandikalipira. Ankangonyamula matiresi anga a siponji mwakachetechete n'kukawayanika pakampata ka pakati pa khoma ndi mpanda wa udzu, pomwe munthu wodutsa sakanaona. Matiresiwo anali ndi mabanga achikasu, ena pamwamba pa anzawo, mbali zonse ziwiri. Dzuwa likawawomba ankatulutsa fungo lomwe sopo sankalitha. Ndinkakhulupirira kuti pakomboni ponse palibe ankadziwa, ndipo moyo wanga wonse wa nthawi imeneyo unatsamira pa chikhulupiriro chimenecho.

Ndiye tsiku lina ndinamva akuluakulu akukambirana za kalongedwe ka katundu. Amayi anali ndi kabati ya magalasi yosungiramo mbale ndi makapu a alendo, ndipo ankaopa kuti isweka. Malume anati njira yake ndi kuimika matiresi kutsogolo kwa tirela, n'kutsamiritsa kabatiyo pamenepo kuti isagundane ndi zitsulo. Matiresi a makolo anali aakulu kwambiri, anayenera kugona pansi. Oyenera pamalopo anali anga. Pulasitiki yakuda imene tinali nayo inali yoti ifunditse matumba a chimanga ndi mabulangete, yokutira matiresi panalibe. Amayi anandiyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali.

Chiyembekezo changa chinali matope. Pikapu ya malume inalibe chotchinga chilichonse kumbuyo kwa matayala, ndipo tsiku limene anafika ndinaona mmene kutsogolo kwa tirela kunalili, kofiira ngati khoma lozira, utoto utagomoka ndi miyala. Ndinaganiza kuti tikangotuluka pachipata, matope adzamata matiresi anga onse, mabanga aja n'kubisika. Anthu adzati ndi zamsewu. Kuyambira pamenepo mtambo uliwonse wakuda unkandisangalatsa.

Koma abambo nawonso anali ataona kutsogolo kwa tirelayo. Anakatola chitsulo chachitali ku bani ina yogumuka, nachimangirira chopingasa pa chokokera cha pikapu, pomwe pamakoleka tirela. Lamba uja anamudula pawiri ndi chikwanje, akumenya ndi hamala pamsana pake, n'kupachika chidutswa chilichonse kumbuyo kwa tayala lake ndi mabawuti. Poyamba zinatalika, ndipo malume pobwerera m'mbuyo anaponda chimodzi n'kuching'amba pakona. Abambo anamasula, anadulako, anaboolanso. Kenaka anaona kuti mphepo izizitukula galimoto ikathamanga, ndiye anawonjezera tizitsulo tolemera kumunsi. Malume ankaseka, ankati, alamu, ulendo wa tsiku limodzi si wovutikira chonchi, matope amachoka ndi madzi. Abambo anangopitiriza kumanga mabawuti. Anawauza kuti akayese pachithaphwi cha kudibhi, kosambitsira ng'ombe, iwo n'kuthamanga pambali akusuzumira. Pobwera, kutsogolo kwa tirela kunali madontho ochepa chabe. Abambo anamwetulira koyamba pa masabata onsewo, ine ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukalira.

Tinanyamuka m'mawa, mvula itagwa ndithu usiku wake. Matiresi anga anaimikidwa pamalo pake, atamangidwa ndi zingwe za thayala, mabanga onse ali poyera. Anthu a pakomboni anabwera kudzatsanzikana, ena akulankhula Chichewa, ena Chishona, ambiri akusakaniza monga tinkachitira. Azimayi anakumbatira amayi. Amadala amene anagwira ntchito ndi abambo kumabani anawagwira chanza nthawi yaitali, osanena zambiri. Ine ndinakwera msanga kumbuyo kwa pikapu, ndinakhala pakati pa mapoto ndi dengu la nkhuku, ndinazyolika. Rudo, mnzanga wa m'kalasi, anandiitana dzina kawiri. Sindinadzutse mutu, ndipo sindinaonanenso naye.

Pokhala pamenepo ndinayang'anizana ndi tirela njira yonse. Msewu unali woterera, wodzaza zithaphwi, ndipo chilichonse tikachiyandikira mtima unkadumpha. Matayala ankalowa, madzi ofiira n'kuthovoka, koma ankangomenya malamba aja n'kugwera pansi. Pokwera chitunda cha miyala ndinkamva timiyala tikugunda labala, phwa, phwa, kenaka zii. Malambawo anada, analemera ndi matope, akugwedezeka ngati makutu a ng'ombe. Matiresi anga anangokhala chiimire, oyera ndi achikasu, akundiyang'ana.

Ku Karoi malume anaima kuti athire mafuta. Panali malole a feteleza, maminibasi otchedwa makombi akuitanira anthu, amayi ogulitsa chimanga chootcha, ndi ana asukulu ovala yunifolomu zosita. Ndinadzifunditsa chitenje cha amayi kumutu ngati wodwala malungo. M'katimo munali motentha, monunkha utsi wa kukhitchini, ndipo kuseka kulikonse kumene ndinamva ndinkati akuseka ine. Yohane anandigwedeza kuti ndilandire bhanzi limene malume anatigulira. Ndinakana.

Tinafika dzuwa litapendeka. Komboni yatsopanoyo inali ya nyumba zing'onozing'ono zoyandikana, ndipo yathu inali kumapeto kwenikweni, kumene galimoto sikanafika chifukwa cha ngalande. Katundu anayenera kunyamulidwa pamutu kudutsa pamakomo a anthu onse. Anthu anabwera kudzatilandira, akuti titambire, titambire, mawu a Chishona olandirira alendo. Kabati inatsika yathunthu, galasi ngakhale limodzi losasweka, ndipo azimayi anaisirira. Itangochoka, matiresi anga anatsala okha. Mayi wina wonenepa, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Mai Banda, anamasula chingwe, anawakoka, kenaka anabweza mutu n'kukwinya mphuno.

"Kodi muli ndi khanda, amayi?" anafunsa mokweza, akuyang'anayang'ana. Maso ake anadutsa pa Yohane n'kudzaima pa ine.

Tianyamata tina tinayamba kusekera m'manja. Amayi anatsegula pakamwa, koma abambo, amene anali atagwira kale thumba la chimanga, analitula n'kubwera.

"Khanda tilibe, mayi," anatero mosakweza mawu. "Denga la kumene tachokako linali lodontha. Awa ndimagonapo ndine."

Panalibe amene akanakhulupirira. Matiresiwo anali aafupi, abambo anali munthu wamtali, ndipo fungo linkadzinenera lokha. Koma Mai Banda anangoti, ho-o, madenga a masiku ano, n'kutembenukira kumapoto. Abambo anasenza matiresiwo pamutu n'kuyamba kuyenda. Sanafulumire. Anadutsa pamakomo onse aja, siponji ikulendewera kutsogolo ndi kumbuyo, akupereka moni kwa aliyense wokhala pakhonde. Ine ndinatsatira patali ndi dengu la nkhuku, ndikuyang'ana zidendene zawo.

Za tsikulo sitinakambiranepo. M'mawa mwake malume anabwerera ku Mutorashanga, ndipo abambo anatenga khasu n'kukafola pamzere ndi anyamata obzala fodya. Foromani wa kumeneko anali mnyamata woti akanakhala mwana wawo, ankawaitana kuti mudhara, kutanthauza mdala, n'kumawalozera pobzala ndi kamtengo. Ndinkawaona popita kusukulu, atawerama m'mizere, malaya atamatirira kumsana. Sindinkaganizapo kanthu. Maganizo anga anali pa ana a pakombonipo, amene kwa milungu ingapo ankati ndikadutsa wina n'kunong'ona kuti denga likudontha. Kenaka anatopa nazo. Kukodza kuja nakonso kunayamba kudumphadumpha masiku, ndipo pofika nthawi yothyola fodya kunatheratu, popanda mizu kapena madzi opempherera.

Kwa zaka zambiri ndinkakumbukira ulendowo ngati tsiku limene dziko lonse linaona matiresi anga. Ndinkatinso abambo anavutika ndi malamba aja chifukwa cha kabati ya amayi, osaganizako za ine. Nditakula, iwo atamwalira, ndinawafunsa amayi ngati ankakumbukira. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti za kukodza kwanga komboni yakale yonse inkadziwa, mpanda wa udzu subisa fungo, ndipo palibe ankasamala. Anati chimene anthu ankayang'ana tsikulo ndi abambo, munthu amene anaphunzitsa theka la komboni kuumitsa fodya, akutuluka pachipata wopanda ntchito yake. Usiku woti tinyamuka mawa abambo anawauza amayiwo kuti munthu wofika ndi katundu wamatope amaoneka wothamangitsidwa, ndipo iwo akufuna ana awo afike ngati anthu osamuka.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti pa ulendowo wamanyazi ndinali ndekha. Tsopano ndikudziwa kuti tinali awiri, wina kumbuyo kwa pikapu atadzifunditsa chitenje, wina kutsogolo atakhala chowongoka. Manyazi awo sindinawaone n'komwe. Anga anawaona, ndipo titafika anawasenza pamutu pamodzi ndi awo.