Chitenje cha amayi chaima chokha

Mwaswera bwanji nonse? Imvani za lero kuno ku South Bend.

Ndaweruka ku shifiti masana mutu ukuwawa. Mnzanga kuchipatala wandiyeza, akuti BP yakwera. Ndidabwe chiyani? Sabata yonse ndakhala ndikuthamanga ndi ntchito, mphatso za ana, komanso kuganiza zophikira inu nonse a ku Indianapolis pa Khrisimasi.

Pofika pakhomo ndapeza amayi ali pawindo, manja ali m'chiuno. Paja anabwera mwezi watha kuchokera kumudzi, chisanu cha kuno sakuchidziwa. Ataona dzuwa likuwala m'mawa, anachapa chitenje chawo pamanja n'kukachiyanika pampanda, akuti makina oumitsira amawononga nsalu.

Abale, chitenje chija chauma gwa ngati lata! Ndachichotsa, ndachiimika pakhonde, chaima chokha. Amayi akuti, "Dzuwa la kuno ndi labodza, limangowala ngati babu la mufiriji." Ndaseka mpaka misozi, mutu n'kuleka kuwawa.

Ndimati ndichipinde, andigwira dzanja. "Usapinde, chithyoka. Chilowetse m'nyumba chiyambe chafewa. Iwenso masiku ano wauma chonchi, mwana wanga."

Ndiye ndaganiza kuti chaka chino banja lililonse libwere ndi poto wake, ine ndipumeko. Apa mpamene tasiyana maganizo ndi amayi. Akuti kwathu mlendo sanyamula ndiwo, anthu atiseka.

Achimwene, alamu, inu mukuti bwanji? Atiseke, kapena ndithyoke?