Gogoda za Mayi

Fungo la polishi likandipeza, mpaka lero mtima umagunda.

Ndili kamtsikana ku Biwi, ndinavala nsapato za gogoda za mayi iwo atapita kumsika, chidendene cha nsapato imodzi n'kuthyoka. Ndinathamangira pansi pa mtengo wa mango, kwa abambo ena okonza nsapato amene anathawa nkhondo ku Mozambiki.

"Chonde fulumirani, mayi andimenya!"

Abambowo anangoitembenuza nsapatoyo pang'onopang'ono, akupukuta polishi m'zala.

"Inu mumati nsapato, kwathu timati sapato," anatero. "Dzinali linachokera kwa Apwitikizi. Linawoloka nyanja, lafika mpaka kuno osathamanga. Khala pansi."

Sindinakhale. Anakhoma msomali woyamba. Wachiwiri usanalowe, ndinaona mayi akukhota pampopi, dengu lili pamutu, maso ali pa nsapato ija.