Batate Alowa M'madzi ku Siavonga

Mwachoma bwanji nonse.

Lero ine ndi amuna anga ba Mabvuto tinatenga batate athu kupita nawo ku Siavonga kuti akapitidweko mphepo. Mudziwa kuti chimwalirire amai, satuluka m'nyumba ku Nangongwe.

Panjira anali bwinobwino. Titangowoloka mlatho wa Kafue anayamba kutitchulira mapiri, malo a mitengo yosanduka miyala, ngakhale mlambe umene amai ankagulirapo masau. Tinaseka nawo.

Titafika kunyanja ndinapita kukagula zakumwa. Pobwera ndinapeza nsapato zawo zili pamwala, masokosi atawapinda bwino m'kati. Eni ake anali m'madzi ofika m'chiuno, akupitabe. Ba Mabvuto anathamanga n'kuwagwira.

Atatuluka anandiyang'ana nati, "Mayi, ndinu ndani? Ndisiyeni, mkazi wanga akundidikira tsidya lija."

Ine mwana wawo woyamba, abale anga.

Tinabwerera nawo. Manje agona kwathu ku Estates, koma akuti mawa abwerera kwawo ku Nangongwe. Tiwalole akakhale okha, mtsinje wa Kafue uli pafupi chonchija? Ine mtima wakana. Inu mukuti bwanji?