Galasi la pamfuti limene linandibisira chitsulo

Nkhani iyi ndi yoona, abale anga, ndipo ndikanakonda ikanakhala yopeka, chifukwa bodza umalinena n'kuliiwala, pamene iyi yakhala nane zaka zingapo tsopano ndipo sikukalamba. Sinditchula dzina la munthu, la kalabu kapena la chipatala. Amene analipo tsiku limenelo adzizindikira okha, enanu mungomva n'kutolapo chanu.

Ine ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito kubungwe lina kuno ku Nairobi, ndipo nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Kilimani. Mnzanga wina wa kuofesi ndi amene anandikokera kukalabu yowombera mfuti, kupitirira Lang'ata uko, ati ndikaphwetseko mimba. Mayi akunyumba anaseka mpaka misozi, amvekere munthu woopa kuzinga nkhuku ngati ine mfuti ndikatani nayo, koma ndinapitabe, ndipo kunena zoona zinandilowa m'magazi. Masewera amene ananditenga mtima ndi a mfuti zitatu. Umathamanga kuchoka malo ena kupita ena wotchi ikuwerenga, apa uwombe ndi pisitolo, apo ndi chifefe, kenako ndi mfuti yaitali, ndipo ndi yaitaliyo timbale tachitsulo tina toti uwombe timakhala pafupi ngati khomo la neba, tina kutali koti ukaloza ndi chala kambale konse kamabisika. Mfuti yangayanga ndinalibe, pajatu mlendo kupeza chilolezo si masewera, choncho ndinkabwereka ya kalabu, koma ankalola membala kugula galasi lake loonera, lija amati sikopu, n'kulimanga pamfutiyo.

Woyang'anira bwalo lowomberalo anali bambo wina wachikulire wa konkuno, wopuma pantchito ya usilikali, amene aliyense ankangowatchula kuti Mzee. Ntchito yawo inali kuima kumbuyo kwa wowomba, wotchi m'manja, n'kumalamula nthawi yoika zipolopolo, yoyamba ndi yosiya. Anali ndi mawu oti ngakhale utavala zotseka m'makutu ziwiri umawamvabe mpaka m'mimba. Ine ankandikonda, ankandiitana kuti ndugu wa Malawi, kutanthauza m'bale wa ku Malawi, ndipo nditawauza kuti ndikufuna kugula galasi langa kuti ndilowe mpikisano wanga woyamba, anasiya tiyi wawo n'kundiyalira magalasi awiri patebulo. Loyamba linali laling'ono, losakulitsa kanthu, longoonetsa kadontho kofiira, ndipo anati limeneli umawomba maso onse ali otsegula, ukuona chandamale komanso zonse zokuzungulira. Lachiwiri linkayamba losakulitsa kanthu, koma ukapotokola kamphete kake linkakoka zakutali. Anati kwa munthu wongoyamba ngati ine ndisankhe pa awiriwa basi, ndisayerekeze kugula magalasi akuluakulu a alenje, chifukwa amenewo amakuonetsa kutali n'kukuchititsa khungu pa zimene zili pamphuno pako.

Tsono apa ndi pamene ndiyenera kuulula tchimo langa. Nditasuzumira m'kagalasi kakang'ono kaja sindinaone kadontho, ndinaona chinthu chofiira chomwazikana ngati inki yodontha pansalu. M'lachiwirilo timbale takutali tinkaonekabe mwachimbuuzi. Maso anga anali atayamba kutha, ndipo ndinkadziwa, chifukwa foni ndinali nditayamba kuiwerengera patali, mayi akunyumba akundinena tsiku ndi tsiku kuti ndikayezetse. Koma mwamuna wa zaka makumi anayi ndi mphambu, pakati pa anyamata othamanga ngati agwape, angavomere pagulu kuti saona bwino? Ndinangogwedeza mutu ngati wanzeru, n'kuwauza a Mzee kuti ndikaganiza.

Kuganiza kwakeko kunali kupita kusitolo ina m'tauni. Wogulitsa anandifunsa ntchito yake, ine ndinangoti mpikisano, osanena kuti wamtundu wanji, ndipo ananditulutsira chigalasi chachitali chonenepa, chimene ngakhale utachibweza mpaka pamapeto chimakulitsabe chinthu kanayi. Nditaloza nacho pawindo ndinawerenga zolemba za paminibasi ina, zija kuno amati matatu, imene inali kutsidya kwa msewu, kutali ndithu, chilembo chilichonse chili mbee. Abale, ndinamva ngati andibwezera unyamata wanga. Ndinagulanso chomangira chachitali, choti galasilo likhale m'mwamba, chifukwa khosi langa silikonda kuwerama. Ndinatuluka m'sitolomo ndikuyenda ngati ndapambana kale.

A Mzee atachiona Loweruka lotsatira sanakalipe. Anangolowetsa zala zawo pakati pa galasi ndi mpope wa mfuti, zala zinayi zinakwana, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandiuza kuti ndikumbukire kuti diso langa lili m'chipinda cham'mwamba pamene chipolopolo chimatulukira m'chipinda chapansi, ndiye galasi likhoza kuona njira yoyera pamene kamwa la mfuti laloza khoma. Anati ndi galasi lokulitsa chonchi chinthu chapafupi sichioneka n'komwe, chimangosungunuka, choncho ndisanaike diso pagalasi ndiziyamba ndaona ndi maso angawa pamene kamwa la mfuti lili. Anandilamula kuti mpikisano usanafike ndiyeserere kuwombera pazenera ndi pamipata, mfuti ilibe chipolopolo, mpaka thupi lizolowere. Ine ndinavomera kuti sawa sawa, chabwino. Koma ma Loweruka awiri otsalawo ndinawathera nditakhala pabenchi, ndikuwomba timbale takutali, chifukwa kulira kwa kambale ukakamenya kunkanditsekemera, ndipo anyamata aja ankabwera kudzasuzumira m'galasi langa n'kumandiyamikira. Zoyeserera pazenera ndinkati ndi za ana.

Tsiku la mpikisano linali Loweruka m'mawa, kunja kuli kachisanu ka Nairobi kaja. Zigawo ziwiri zoyamba ndinachita bwino pa pisitolo ndi chifefe, koma pa mfuti yaitali timbale tapafupi tinandizunza, ndinkangosakasaka m'galasimo ngati munthu wofuna singano m'udzu, masekondi akupita, anthu akuonerera. Pofika chigawo chachitatu mtima unali utakwera, ndikufuna kubweza nthawi imene ndinataya. Chigawocho chinali ndi khoma la matabwa lokhala ndi kazenera kofika m'chiuno, ndipo m'munsi mwa kazenerako munadutsa chitsulo chochindikala chogwira matabwawo. Unkayenera kugwada n'kuwombera pamenepo timbale titatu takutali.

Wotchi italira ndinathamanga, ndinagwada, ndipo m'malo moyang'ana pamene kamwa la mfuti lili, ndinangoponya diso pagalasi. Kambale kanabwera bwinobwino, koyera, kakakulu, mtanda wa m'galasi uli pakatikati pake. Khoma, zenera, chitsulo, zonsezo munalibe m'galasimo. Anthu anadzandiuza pambuyo pake kuti mpope wa mfuti sunalowe pazenera n'komwe, unali utaloza chitsulo chija, patalikirana ngati chikhatho chimodzi, ndipo a Mzee ataona zimenezo anadumphira kutsogolo, cha kudzanja langa lamanja, kuti andiletse. Ndinamva ndithu chiyambi cha kukuwa kwawo. Koma chala chinali chitapita kale.

Kulira kwake sikunali kwa masiku onse, kunali ngati wina wamenya nyundo pachitsulo pafupi ndi khutu langa, ndipo china chake chinandiwaza m'manja ngati mchenga wotentha. Nditachotsa diso pagalasi ndinaona wotchi ili pansi. A Mzee anali ataima, dzanja lili pakhosi, akundiyang'ana ngati akufuna kundifunsa kanthu, ndipo magazi ankatuluka pakati pa zala zawo n'kumatsikira m'malaya. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Chipolopolo chinali chitaphwanyika pachitsulo paja, kachidutswa kake n'kubwerera. Mfuti anachita kundilanda wina n'kuichotsa zipolopolo, ine ndili chigwadire.

Mwayi wake, pakati pa opikisanawo panali mayi wina namwino. Iyeyo sanataye nthawi, anatenga nsalu m'bokosi la chithandizo n'kukanikiza pabalapo, nati kudikira ambulansi kutichedwetsa, galimoto imene ili pafupi ndi geti inyamuke pompano. Galimoto imeneyo inali yanga, koma kiyi ndinamugwetsa kawiri, ndipo mnzanga wa kuofesi uja ndi amene anayendetsa. Ine anandiika kumbuyo, mutu wa a Mzee uli pamiyendo panga, namwino akundiuza kuti ndiwagwire chibwano asatembenuke, ndipo ndiziwalankhula kuti asagone. Kodi munthu amene wamulasa wekha umamuuza chiyani? Ndinayamba Chingerezi, chinatha. Ndinayesa Chiswahili changa cha pamsika, ndinangotsala ndi pole, pole, ndiye kuti pepani, pepani. Mapeto ake ndinapezeka ndikupemphera m'Chichewa, mokweza, ngati mwana.

Amene mumaudziwa msewu wa Lang'ata Loweruka masana mukudziwa zimene tinakumana nazo. Galimoto zinali zitangoti ndii, matatu akulowerera mbali zonse, wogulitsa nthochi akugogoda pawindo mpaka ataona magazi n'kubwerera chambuyo. Nsalu yoyamba inanyowa, namwino anaika yachiwiri pamwamba pake, ndipo kupuma kwa a Mzee kunayamba kumveka ngati madzi akuwira m'ketulo. Maso awo ankatseka, ine n'kuwagwedeza, iwo n'kutsegula. Ndikuuzani chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero: pakati pa pemphero lija, maganizo ena ankandibwerera a apolisi, a ntchito yanga, a mmene nkhaniyi ikamvekere kumudzi. Munthu akufa pamiyendo panga, ine ndikudziganizira ndekha. Anatipulumutsa ndi a bodaboda awiri, akabaza a njinga zamoto, amene namwino anawakuwira pawindo. Anatsogola akuimba mabelu ndi kumenya magalimoto m'mbali mpaka njira inatseguka.

Kuchipatala a Mzee anawathamangitsira kuchipinda cha opaleshoni, ife n'kutsala pabenchi. Akazi awo anafika kuchokera kwawo ku Umoja, mayi wamfupi atavala juzi ya kutchalitchi, ndipo ataona thalauza langa lili magazi okhaokha anandigwira manja onse awiri n'kundithokoza kuti ndawanyamula amuna awo. Abale, kuthokozedwa kumeneko kunandiwawa kuposa mbama. Ndinawauza pomwepo kuti wowomba ndinali ine. Anasiya manja anga, nakakhala kumapeto kwa benchi, ndipo maola atatu amene tinadikira sanandiyang'anenso. Chitseko chikangotseguka ndinkati basi abwera kudzanena kuti a Mzee atisiya.

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka nati a Mzee akhala moyo. Kachidutswako kanadutsa pafupi kwambiri ndi mtsempha waukulu wa magazi koma sikanauboole. Ndinalira pamaso pa anthu, osasamala. Koma dokotalayo anapitiriza kuti kanawononga kholingo, ndipo za mawu awo sakanalonjeza kanthu. Zofufuza zinachitika, ndinapereka sitetimenti, ndipo a Mzee, polemba papepala ali pabedi, anati inali ngozi. Kukalabu sindinabwererekonso, ngakhale sanandithamangitse.

Patapita miyezi iwiri ndinalimba mtima, ine ndi mayi akunyumba tinapita ku Umoja kukawaona. Tinawapeza atakhala pampando, ataonda, kansalu kali pakhosi. Mawu opepesa amene ndinakonza njira yonse anathera pakhomo, ndinangogwada. Anandikodola kuti ndisendere, ndipo ndinachita kuika khutu pakamwa pawo kuti ndimve, chifukwa chimene chinkatuluka chinali mpweya chabe. Anati ndidzuke, pansi pazizira. Ntchito yawo ya pabwalo inali itatha, poti woyang'anira amene sangakuwe sangaletse ngozi. Tili chikhalire, iwo anafuna kuti akazi awo, amene anali kukhitchini, abweretse tiyi. Ndinawaona akutsegula pakamwa mwachizolowezi, kenako akutseka, n'kutenga sipuni kugogoda pakapu katatu.

Anthu ena amandiuza kuti linali tsoka chabe, ena amati Satana anadutsapo. Ine sindikhulupirira zimenezo. Galasi lija silinaname, linandionetsa chimene ndinaligulira, ndipo wonama ndinali ine, amene ndinabisa maso ofooka m'chigalasi chachikulu kuopa kusekedwa. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chimene sananene n'chakuti nthawi zina nkhwangwayo imagwera mutu wa amene amakuchenjezayo. Choncho inu amene mwayamba masewera amenewa ndipo mukusankha galasi, yambani mwapita kukayezetsa maso. Sankhani galasi lokuonetsani zapafupi, zakutali zibwere pambuyo, ndipo musalowe nalo mpikisano musanayeserere pazenera ndi pamipata mfuti ili yopanda kanthu. Musanakhulupirire zimene galasi likuonetsa, onani ndi maso anu pamene kamwa la mfuti laloza, chifukwa pambali panu paima munthu amene ali ndi banja lake. A Mzee ali moyo mpaka lero, ndipo ndimakawaona. Koma mawu omaliza amene anakuwa pa moyo wawo anali ondiletsa ine, ndipo sindinawalole n'komwe kuwamaliza.