Mtedza wa pa khonde la a Noriko

Ndikukumbukira chaka chimene a Noriko anadwala matenda osatentha thupi. Ndinali mu Sitandade 3, tikukhala pa mishoni ina ku Ntcheu, kumene bambo ankachapa zovala za chipatala. Miyezi ino kuno ku Dublin nkhaniyi ikumandibwerera ngati yachitika dzulo.

A Noriko anali namwino wochokera ku Japan, wachitsikana ndithu, wochepa thupi, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Akakumana ndi amayi ankawerama popereka moni, amayi n'kupinda maondo, iwo n'kuweramanso kwambiri, mpaka bambo ankati tsiku lina awiriwa adzagundana mitu pansi. Ine ankandipindira mbalame za pepala. Chichewa ankachidziwa cha kuchipatala, koma mawu amene sankachoka pakamwa pawo anali akuti "pepani". Ngakhale uwaponde phazi ndiwe, opepesa ankakhala iwo.

Dzinja lina mwana wodwala chikuku anamwalirira m'manja mwawo. Aliyense ankadziwa kuti abale ake anafika naye mochedwa, ndipo mayi wake sanaloze munthu chala. Koma kuyambira pamenepo a Noriko anasintha. Kuntchito ankapitabe, kumwetulira ankamwetulirabe, koma yunifomu inayamba kuwakulira. Amayi ankawatumizira futali ndi maungu, mbale n'kubwerera zotsuka bwino ndi "zikomo" wambiri. Tsiku lina ndikuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba yawo, ndinapeza galu wa pamishoni akumaliza futali wathu yense. Ndinathamanga kukauza amayi.

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Amayi anauza anzawo a mumphakati, kagulu kathu ka mapemphero ka ku tchalitchi, ndipo madzulo aliwonse gulu linkapita kukazonda. Ankadzaza chipinda, kukhala pansi, kupemphera kolona, kuimba. Ine ndinkakhala pamiyendo pa amayi. A Noriko, m'malo mogona ngati wodwala, ankadzuka, kupesa tsitsi, kuphika tiyi wawo wobiriwira uja wopanda shuga, wonunkhira ngati udzu wongodula kumene. Amayi a mumphakati ankamwa nkhope zili gwa, poopa kukhumudwitsa mlendo. A Noriko ankagwada kwa aliyense: "Ndili bwino. Pepani, ndakuvutitsani." Gulu likachoka ankatsuka makapu, kusesa, m'mawa mwake n'kuyenda khomo ndi khomo kuthokoza.

Ozonda akamachuluka, a Noriko ankaonderaondera. Ena anayamba kunong'ona kuti munthuyu walodzedwa. Ndinamva bambo akuuza amayi motsitsa mawu kuti, "Munthu wamaganizo chonchi sachedwa kudzichita chipongwe." Sindinamvetse zonse, koma ndinadziwa kuti akunena za imfa. Kuyambira tsiku limenelo sindinkadya phala ndisanaone kuti katani ya pawindo lawo yatsegulidwa. M'kalasi ndinkangoyang'ana kumene kunali nyumba zathu, kumvetsera ngati kukumveka kulira. Aphunzitsi anandikwapula m'manja chifukwa chosamvetsera, koma sindinawauze chimene chinkandidya.

Amene anaona kaye anali amayi. Madzulo ena a Noriko akupereka tiyi, kapu inkanjenjemera pa sosala mpaka tiyi kutayikira pamkeka, iwo akumwetulirabe. Potuluka amayi anaima panjira n'kuuza anzawo kuti, "Amayi inu, mwana wa eniyu tikumumaliza ndife. Ife tikuti tabwera kudzamuzonda, iye akuti kwabwera alendo oti awatumikire."

"Ndiye timutaye ngati alibe anthu?" anafunsa mayi wina, atakwiya ndithu.

"Pempherani muli kwanu. Mulungu si wogontha."

Mawa lake nditaweruka, amayi anatenga lichero la mtedza wosaswa n'kundikoka dzanja. Tinakakhala pakhonde la a Noriko, misana titalozetsa kuchitseko. Amayi sanapange odi. Kwa ine chimenechi chinali chamwano kwambiri, kukhala pakhomo la munthu osalonjera.

"Usagogode, usasuzumire," anatero amayi. "Iswa mtedza."

Tinaswa mpaka dzuwa kupendeka, makoko ali mbwee, zala zikuwawa. M'nyumbamo munali zii. Ine ndinkangoganiza: bwanji ngati agona pansi m'menemo, ife tili pano ndi mtedza? Milomo ya amayi inkagwedera, ndinadziwa kuti akupemphera. Tinabwerako osaona munthu. Tinapitanso, n'kupitanso.

Tsiku lina chitseko chinalira kumbuyo kwathu. Amayi anandifinya bondo kuti ndisacheuke. A Noriko anadzakhala pansi pambali pathu, tsitsi losapesa, osawerama, osapepesa. Anatola mtedza umodzi n'kuyesa kuswa, koma zala zinalibe mphamvu. Kenako misozi inayamba kugwera m'lichero.

"Amayi, sindikugona," anatero. "Ndikatseka maso ndikumuona mwana uja. Ndikabwerera kwathu ntchito isanathe, ndichititsa manyazi makolo anga."

Amayi sanasiye kuswa. "Mwanangu, mayi ako angakonde kulandira iwe kapena bokosi? Tiye tikaonane ndi adokotala, ndikuperekeza."

Anapitadi ku Lilongwe pa galimoto ya mishoni, amayi atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. A Noriko anakhalako kanthawi, n'kubwera masaya atayamba kudzaza, ndipo ntchito yawo anaimaliza. Ambuye alemekezeke.

Tsopano ine ndi amene ndili kudziko la eni. Ndimasamalira okalamba, ndipo ndalera ana anga m'kanyumba ka lendi ku Lucan, dera lina la kuno ku Dublin. Chaka chino landilodi anatiuza kuti akugulitsa nyumbayo. Kulikonse kumene ndapita kukaona nyumba, ndimapeza mzere wa anthu mpaka pamsewu. Tulo tinatha, chakudya chinasiya kukoma, pa basi mtima unkangothamanga popanda chondithamangitsa. Koma Lamlungu ku Misa ndinkavala bwino, ndipo anzanga akandifunsa ndinkati, "Ndili bwino, Mulungu ndi wabwino." Achibale ku Ntcheu ndinkawatumizira zithunzi ndikuseka. Ndiwauze bwanji kuti munthu wa ku Ulaya akusowa pogona?

Loweruka lina ndinadzitsekera kuchipinda tsiku lonse. Masana ndinamva kukhwekhwereza pakhomo. Nditatsegula ndinapeza mwana wanga Chisomo, amene ndikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, atakhala pansi pakapeti, msana atalozetsa kuchitseko, akusenda mbatatesi m'beseni. Nkhani ya a Noriko ndinamuuza ali wamng'ono, ndipo ndinkayesa anaiwala kalekale. Sanacheuke. Ndinakhala pambali pake, ndipo mawu amene anatuluka anali omwe aja: "Mwanangu, sindikugona."

Lolemba anandiperekeza kwa dokotala. Kale tinkangoti ndi maganizo, ena n'kumati ufiti, koma masiku ano matendawa ali ndi dzina, ali ndi mankhwala, alinso ndi anthu ophunzira kumvetsera, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa zimenezi. Nyumba sitinaipezebe, ndipo mtima umathamangabe foni ikalira. Koma pano munthu akandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ndimayamba ndaganiza kaye ndisanayankhe. Mbatatesi zija anasenda zochuluka moti tinadya mpaka Lachitatu.